Nyale ya Voliyumu

9 Malichi

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno kutauni ndili bwino, kupatula chimfine cha muofesi chomwe timangobwerekana ngati cholembera. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumangoti "tonse tili bwino" n'kudula, ngati mwasiya lole yanu pamtsetse yopanda mabuleki.

Za bambo zikundisowetsa mtendere. Nditabwera kumayambiriro kwa chaka ndinadzionera ndekha: dzuwa likangolowa, inu n'kuyatsa mababu a sola aja, bambo amanyamuka mwakachetechete n'kukadzitsekera kuchipinda, mumdima. Alamu anandinong'oneza kuti kuwala koyera kuja kumawabaya m'maso ngati singano, ndiponso kuti adokotala anati matenda a shuga akuwadya maso, kakuona katsalako sikakhalitsa. Sindikukunenani ayi. Mababuwo munagula ndi mtima wabwino, ndipo ana akuwerengera. Koma bambo athu aja, amene ankalongolola madzulo onse mpaka malemu mayi kuwaopseza ndi tsache, lero azikhala okha mumdima ngati katundu wosungidwa? Mtima ukundiwawa.

Tsono ndili ndi pempho. Kushopu kwawo kuja, kumene ankakonzera mawailesi, pansi pa benchi pali chitini cha mabisiketi chodzaza tizipangizo. Munditumizire chitinicho, chowotcherera mawaya, ndi mita yachikasu yoyezera magetsi ija. Mupatsire mnzanu aliyense wobwera kuno ndi lole. Bambo musawauze, mungotenga. Chifukwa chake ndidzakuuzani zikatheka. Ndikuopa kulonjeza zinthu zomwe mwina zindikanika.

Mundilembere zoona zokhazokha za maso awo. Moni kwa onse.

Mlongo wanu

27 Malichi

Mlongo wanga,

Moni talandira. Ana ali bwino, mlamu wako ali bwino, ine msana basi. Koma kalata yako yatibweretsera moto m'nyumba.

Ndinachita monga unanenera. Ndinalowa kushopu masana, bambo akuwodzera pampando pakhonde, n'kunyamula chitini. Kaya waiwala kuti munthu maso akamachepa makutu amakula? Chitangolira kamodzi, ndinamva, "Wagwira chitini changa ndani?" Kunama sindimatha, ndinangoti, "Mlongo wanga akuchifuna, ndi mita yomwe." Iwo anati, "Mwayamba kugawana ndikadali moyo? Dikirani pang'ono, sindichedwa."

Kuyambira tsiku limenelo chakudya akungotola ngati mbalame. Chitinicho akugona nacho kumutu, kiyi wa shopu ali m'thumba la jekete. Ine ndakhala pakhomo pano zaka zonsezi, ngakhale sikuludalaivala sindinatengepo, iwe uli kutali ukufuna mita. Uyeza nayo chiyani muofesi ya simenti, makalata? Ngati zinthu zakuvuta kumeneko ungonena tithandizane, kusiyana ndi kugulitsa zitsulo za mdala.

Wafunsa za maso. Akuipiraipira. Mlamu wako amamuzindikira ndi mawu, kapena akavala diresi lofiira lija. Uwalembere wekha, mlamu wako awawerengera. Ine ndatopa kuyang'anidwa ngati wakuba ndi munthu woti sakundiona n'komwe.

Mchimwene wako

4 Epulo

Bambo anga okondedwa,

Ndagwada pansi, ndikupepesa. Alamu, muwerenge pang'onopang'ono, musadumphe mawu.

Sindikugawa katundu wanu, bambo. Ndimafuna ndikudzidzimutseni ndi mphatso, ndiye ndadzidzimutsa nyumba yonse. Ndikuphunzira kupanga nyale, ine mwana wanu wa imvi zoyamba kale, amene ntchito yake ndi kutayipa makalata.

Mukukumbukira nyale ya parafini imene inkakhala pa benchi yanu? Mukamafuna kuona mkati mwa wailesi munkakweza chingwe, mukatha n'kuchitsitsa kuti kutsale kuwala kochepa kochezera. Ine ndinkaima pambali panu ndi tochi, mkono utatopa, inu mukuti, "Unika pa waya, Natochi, osati m'mphuno mwanga." Dzinalo linandikakamira mpaka kusukulu. Chowotcherera simunandigwiritsepo, munkati ndipsa zala, koma maso anga ankaba zonse. Fungo la mtovu wosungunuka, mawailesi ovula misana atandandalika pa shelefu, anthu okhala pakhomo kumvera mpira pa wailesi yomwe mwini wake ankaganiza kuti ikadali yakufa: zonsezo ndimazisowa kwambiri.

Ndikufuna nyale ya timababu tamakono, ta LED, koma yokhala ndi kotembenuza ngati voliyumu ya wailesi, kuti muzikweza ndi kutsitsa kuwala nokha mpaka pomwe maso anu akuvomera. Mukatero muzikhalanso pabalaza ndi adzukulu anu.

Mayi woona za makompyuta kuntchito kwathu anandiikira pulogalamu yoyeserera. Umajambula batire, mawaya, rizisita, tiranzisita ndi kababu pagalasi la kompyuta, kenako iyo imakuonetsa zomwe zikanachitika zikanakhala zenizeni. Masana anzanga akamapita kukadya, ine ndimatsala ndi tiranzisita wanga wojambula. Ndamvetsa tsopano zomwe munkauza achimwene iwo akuyasamula: kuti kachinthu ka miyendo itatu kaja kali ngati mpopi, ukapatsa mwendo umodzi timagetsi tochepa, miyendo iwiri inayo imatsegulira magetsi ambiri. Voliyumu ndiyo dzanja lopotokola mpopiwo. Dzulo ndinatembenuza voliyumu yojambula, kababu kojambula n'kuyamba kuwala pang'onopang'ono. Ndinakuwa mpaka abwana anasuzumira kufunsa ngati ndaona khoswe.

Tsopano ndikufuna kupanga yeniyeni, ndipo ndimalakalaka ipangidwe ndi zipangizo zanu, osati za m'sitolo. Mukakana ndimva.

Mwana wanu,
Natochi

20 Epulo

Natochi,

Akulemba ndi mlamu wako, koma mawu ndi anga. Akawonjezera zake uzindikira, amalankhula kwambiri.

Ndakumva. Ukanangonena poyamba, bwenzi ndisanaonde chonchi. Chitini chikubwera, mita ndi chowotcherera zomwe. Mitayo imafuna uimenye pang'ono kumsana isanayambe kunena zoona.

Koma za kompyuta yakozo ndaseka mpaka kutsokomola. Nyale yojambula! Ndiye ukapsa chala umajambulanso thuza? Ntchito imeneyi munthu amaphunzira ndi mphuno ndi zala, mwana wanga. Komabe za mpopi zija wafotokoza bwino. Mchimwene wako ndinamuphunzitsa mpaka malovu kuuma, chomwe anagwira ndi njira yothawira.

Tamvera. Usayambe ndi kuwotcherera, lumikiza kaye mongoyesa. Ukadzayamba kuwotcherera, uzitenthetsa mwendo wa chipangizo, osati mtovu, mtovuwo ubwera wokha. Tiranzisita usamuchedwetse pamoto, sachedwa kufa. Babu ndiye lilibe vuto, ulumikize mulimonse liyaka.

Nyale ya parafini ija ikadalipo, koma galasi linasweka chaka chomwe anamwalira mayi ako. Mayi akowo ankabwera mwakachetechete n'kunditsitsira chingwe ndili pakati pa ntchito, kuti ndidziwe kuti chakudya chazizira. Chindikumbutsire iwe, ndakhala ndikuiona m'mutu nyaleyo, kuwala kwake kwachikasu, kofatsa. Kumene kuja sikunkabaya. Ngati timababu takoto tilipo tachikasu, usankhe timeneto.

Uzindilembera chilichonse, ngakhale zolephera. Zolepherazo ndiye zimakoma kumva.

Bambo ako

Alamu, ndine mlamu wanu tsopano. Kalata yanu ndawawerengera mpaka ndaloweza. Adya mbale yonse n'kupempha ina. Dzulo anandituma kukapukuta benchi kushopu, akuti mwina kubwera ntchito.

12 Meyi

Bambo,

Moni kwa inu ndi nyumba yonse. Alamu, zikomo chifukwa cha mawu a mbale ija, ndinagona bwino. Katundu wafika. Nditatsegula chitini, fungo la shopu linatuluka lonse, fumbi, mtovu ndi sopo wanu wometera. Ndinayamba ndakhala pansi.

Munati ndizilemba zolephera, ndiye konzekani. Ndinagula kathabwa ka mabowomabowo kolumikizirapo popanda kuwotcherera, n'kutsatira chojambula changa waya ndi waya patebulo la m'chipinda mwanga. Kutembenuza voliyumu, zii. Mlandu woyamba ndi wanu, bambo. Timababu ta LED si mababu anu akale. Tili ndi mwendo wautali ndi waufupi, ukasemphanitsa sitiyaka ngakhale upemphere. Mphunzitsi naye aphunzireko.

Nditakonza pamenepo, ziinso. Ndinasinthasintha matiranzisita a m'chitini, aja ovala tizipewa tachitsulo, onse anakana. Chifukwa chotopa ndinatenga wakuda amene anali yekha m'kabokosi ka machesi, ndipo kababu kanayaka! Chimwemwe chinandipusitsa. Ndinapotokola voliyumu mpaka kumapeto, kababu kanawala koopsa, kenako "thu", kautsi n'kutuluka. Ndinali nditasiya rizisita yoteteza kababu kuti kasamwe magetsi opyola muyeso. Pa kompyuta ndinkaichotsa nthawi zina, kababu kojambula n'kumangowala, osadandaula. Sekani, ndakulolani.

Koma fungo la kupsa kuja, bambo! Ndi lomwe lija linkamveka kushopu mukalakwitsa, inu n'kunamizira wailesi kuti inabwera ndi matenda ake. Ndinaseka ndekhandekha m'chipinda, kenako ndinalira.

Ndiuzeni: a zipewa aja ndi akufa, kapena mbuli ndine? Nanga kuchipatala mupitanso liti?

Natochi

25 Meyi

Natochi,

Wapsereza babu, ndiye kuti wayamba ntchito. Takulandira. Za miyendo yaitali ndi yaifupi ndavomera, zimenezo zinabwera ine nditayamba kale kutopa. Usafalitse.

A zipewa sanafe. Matiranzisita ali mitundu iwiri, monga anthu ena amalembera dzanja lamanja, ena lamanzere. A zipewawo ndinawachotsa m'mawailesi akale kwambiri, amafuna batire ulitembenuze. Kompyuta yako iyenera kuti inakupatsa mtundu winawo, wofanana ndi wakuda uja. Uifunse ngati imawadziwa a zipewa, mwina inali isanabadwe.

Ndikudikira. M'mawa ndikayang'ana kuzenera ndimaona ngati nsalu yoyera yoyanikidwa patali.

Bambo ako

Mlongo wanga, ndine mchimwene wako, ndalanda cholembera. Pepa chifukwa cha mawu anga aja, ndinalemba mtima uli m'mwamba. Mdala wasintha, masana amakhala kushopu kupapasa zitsulo zake akuimba mluzu. Koma madzulo akadali kuchipinda. Kuchipatala tinapita, adokotala anangopukusa mutu. Fulumira.

21 Juni

Bambo, achimwene, alamu,

Pepani kuti ndakhala chete. Uthenga wabwino ndi wakuti nyale ikuyaka, ndipo sikupsanso. Ndinaifunsa kompyuta za a zipewa. Ikuwadziwa, bambo, ndipo nditatembenuza batire pagalasi zinachitikadi monga munanenera. Apa mwafanana mphamvu.

Kuwotcherera ndayamba. Zala ziwiri zili ndi matuza enieni, osajambula, ndipo kutayipa kukuvuta. Abwana akuganiza kuti ndinapsa ndi mafuta ophikira, ine sindinawatsutse.

Koma sindinakhutire. Ukamatembenuza voliyumu, theka la njira kumakhala mdima, kenako kuwala kumalumpha kamodzin'kamodzi. Zoterozo zingakubayeni m'maso, ndiye phindu lake n'chiyani? Ndakhala ndikusinthasintha marizisita pa kompyuta kuti kuwala kuzikwera mofatsa. Pagalasi zatheka, patebulo zatsala pang'ono. Timababu tachikasu ndaitanitsa kusitolo, akuti tifika. Ndapezanso kalipentala woti apange kabokosi ka thabwa, chifukwa mmene ililimu ikuoneka ngati chisa cha mbalame, mawaya ali balala. Mmisiri ngati inu sindingamutumizire zochititsa manyazi.

Achimwene, zofulumira ndamva. Ndipatseni kanthawi kochepa chabe, ndikufuna ikhale yabwino.

Natochi

10 Julaye

Mlongo wanga,

Moni. Kalipentala wa chiyani? Tumiza chisacho mmene chililimo, ngakhale m'katoni ya sopo. Dzulo masana mdala anafunsa ngati kukubwera mvula, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Mnzanga wa lole akhala kumeneko sabata yamawa, umupatsire. Foni sukuyankha bwanji?

Mchimwene wako

6 Ogasiti

Achimwene,

Nyale ndi iyi, ndapatsira wa basi. Mnzanu wa lole anabweradi, koma tsiku limenelo timababu tachikasu tinali titangofika, ndipo kabokosi kanali kosapaka. Ndinamuuza kuti apite. Foni zanu ndinkaziona, ndinkachita manyazi kuyankha ndilibe chokuuzani.

Mulumikize ku batire la sola, waya wofiira ku wofiira. Muzimitse mababu enawo, muiike patsogolo pa bambo, ndipo ayambire pansi penipeni, azikweza okha. Musawathandize. Alamu, muziyang'ana nkhope yawo, mudzandilembere mmene inaonekera.

Mlongo wanu

23 Ogasiti

Natochi mwana wanga,

Akulemba ndi mlamu wako. Ndamuuza kuti alembe mmene ndikuneneramu, asakometse, ndipo asiye kudonthezera misozi papepala.

Nyale yafika bwino. Sindinaione. Maso anatseka kumayambiriro kwa mwezi uno; ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti usana ndi usiku zafanana. Ndinaletsa mchimwene wako kukuuza pa foni, chifukwa nkhani yotere imafuna mwini wake.

Koma usaganize kuti sindinaiyendere. Ndinaitsegula kumsana ndi sikuludalaivala yanga, n'kudutsa ndi chala paliponse pamene unawotcherera. Poyambirira mtovu unachuluka, patupa ngati nkhupakupa zokhuta. Pomalizira ndi posalala, paukhondo. Pamenepo dzanja linali litaphunzira. Waya wina unatsala pang'ono kukhudza unzake, ndaupinda. Voliyumu ndaizindikira, ndi ya wailesi yaikulu imene inkakhala pabalaza pathu, imalira "tha" poyatsa. Kabokosi nako ndi kosalala, kalipentala wako amadziwa ntchito, ngakhale ine ndikanakonda chisa chija.

Madzulo ndikukhala pabalaza tsopano. Kuwala kulikonse sikundibayanso, ngakhale mababu a mchimwene wako. Koma adzukulu awakana mababuwo, akuti akufuna nyale ya azakhali, ndipo woyendetsa ndine. Amaiika patebulo pambali panga, dzanja langa pa voliyumu. Akamalemba za kusukulu amakuwa, "Kwezani, agogo!" ine n'kukweza. Akatha ndimatsitsa pang'onopang'ono, iwo akuti, "Apo, apo, basi." Wamng'ono akuti kuwala kwake kuli ngati uchi. Mlamu wako akuti sikulumpha, kumakwera mofatsa kuchokera pansi mpaka pamwamba. Ndiye kuti wakhoza.

Ndikukudziwa, uyamba kudziimba mlandu chifukwa cha kabokosi. Sindikunamiza, ndinkafunitsitsa kuiona, ndipo tsiku lomwe inafika ndinaifungatira n'kulira pamaso pa ana. Koma kulira kumeneko kwatha, iwe usakuyambenso kumeneko uli wekha.

Mchimwene wako akuti ndikuuze upange ina yowala kwambiri, mwina ndingaoneko kenakake. Usavutike, palibe babu loti lingafike kumene ndili. Pempha tchuthi kwa abwana ako, ubwere. Anawa amangoti "yawala", "yachepa", sadziwa kufotokoza. Ndikufuna amene anaipanga adzakhale pambali panga, ine ndizitembenuza, iye azindiuza zomwe ikuchita.

Bambo ako